Makita TM3010C: makina onjenjemera odulira, kusalaza ndi kupala m'malo opanikizika

Makita TM3010C ali m'gulu la makina omwe m'masitolo a zida amalembedwa kuti multi-tool. Bledi yake sizungulira ngati ya galayinda. Imangogwedezeka kumanja ndi kumanzere pa kangodya kakang'ono ka madigiri 3.2, koma mwaliwiro lochokera pa maulendo 6,000 kufika 20,000 pa mphindi imodzi. Mota yake ndi ya mawati 320, imayendera magetsi a pa soketi, ndipo makina onse amalemera kilogalamu imodzi ndi theka ndi kanthu pang'ono. Chigamulo chathu tinene pompano: kwa kalipentala wokonza nyumba zomangidwa kale, woika matailosi, pulambala ndi mmisiri wa zamagetsi, makinawa ndi oyenera ndalama zake. Koma amene akufuna chida chimodzi chochekera mitengo ya denga, kudula zitsulo za mageti ndi kusalaza matebulo, asagule. Adzamaliza mabledi pachabe n'kumanena kuti makina ndi ofooka, pomwe vuto ndi ntchito imene awapatsa.

Chifukwa chake chili pa kangodya kaja. Mano a bledi yodulira molowetsa amakhala pafupifupi mamilimita 80 kuchokera pomwe bledi yamangidwira. Pa madigiri 3.2, dzino lililonse limayenda mtunda wa mamilimita 4 kapena 5 basi, n'kubwerera, maulendo opitirira 300 pa sekondi. Kuyenda kwakufupi kumeneku ndiko kumapangitsa kuti makina asakukankheni, asalumphe pa thabwa, ndipo mutha kuyamba kudula pakati penipeni pa bolodi popanda kuboola kaye ndi dirilo. Koma ndi komwekonso kumapangitsa kuti utuchi usowe potulukira. Macheka ozungulira amataya utuchi pa ulendo uliwonse, pomwe bledi iyi imangoupera m'ngalande momwemo. Utuchi ukadzaza pakati pa mano, bledi imasiya kudula n'kuyamba kupukusa, kenako kutentha. Mavuto ambiri a makina a mtundu umenewu amayambira pamenepa.

Luso limeneli linachokera kuchipatala. Kampani ya Fein ya ku Germany inapanga macheka onjenjemera odulira pulasitala ya odwala othyoka mafupa mu 1967, ndipo patapita zaka inawasandutsa chida cha amisiri chotchedwa MultiMaster. Kwa nthawi yaitali Fein ndiyo yokha inali ndi ufulu wopanga makinawa. Ufuluwo utatha cha m'ma 2008, makampani ngati Bosch, Dremel, Makita ndi DeWalt anayamba kupanga awo, mitengo n'kutsika.

M'manja, TM3010C ndi yonenepa pang'ono. Wa manja aang'ono amamva kutopa akaigwira ndi dzanja limodzi kwa nthawi yaitali, makamaka pogwira ntchito ya m'mwamba ku siling'i. Switchi yake ndi yotsetsereka, ili pamwamba pomwe chala chachikulu chimafika, ndipo ikayatsidwa imakhala choyaka mpaka mutaizimitsa. Izi n'zabwino pa ntchito yaitali, koma zimafuna kuti musanalowetse pulagi muone kaye ngati switchi ili yozimitsa, makamaka magetsi akathima ntchito ili mkati. Kumbuyo kuli kagudumu kosinthira liwiro kolembedwa 1 mpaka 5. Musakakakamize kupyola pa 5 kapena pa 1, kamawonongeka. Zinthu ziwiri zomwe timaziyamikira kwambiri zili m'kati: makina amayamba pang'onopang'ono osati mwadzidzidzi, choncho bledi sichoka pa mzere mukangoyatsa, ndipo liwiro silitsika bledi ikalowa m'thabwa lolimba. Makina otchipa ambiri amalephera pa chachiwirichi. Amalira mokweza ali m'malere, koma akangokhudza mlombwa mawu amatsika, kudula n'kuchedwa.

Kusintha bledi sikufuna sipanala. Mumazula pulagi, n'kukweza chogwirira chomwe chili pamutu pa makina mpaka chifike pomalizira. Kenako mumazula bawuti yomwe imagwira bledi, n'kuika bledi yatsopano mwakuti timano tonse ta pamutu tilowe m'mabowo ake, n'kubwezera bawuti mpaka itafika, n'kutseka chogwirira. Bledi imatha kuikidwa mopendekera pa madigiri 30 alionse, kutanthauza malo 12 kuzungulira mutu wonse, ndipo izi zimathandiza pofika m'makona. Chogwirira chija chili ndi sipuling'i yamphamvu ndipo chimatsekeka mwachangu, choncho chala chisakhale pansi pake. Bawuti imachokeratu m'makina, ndiye pamalo omanga nyumba pomwe pali mchenga ndi zinyalala ndi yosavuta kutaya, ndipo popanda iyo makina ndi chitsulo chabe. Muziigwira m'manja mpaka bledi ina italowa. Fumbi la simenti likachuluka pamenepa chogwirira chimauma; pukutani ndi kuikapo kadontho ka mafuta nthawi ndi nthawi. Pali mtundu wina wakale, TM3000C, womwe mphamvu ndi liwiro ndi zofanana koma bledi imamangidwa ndi kiyi ya Allen. Umachedwetsa ntchito pang'ono koma ulibe vuto lililonse, ndipo ukapezeka wotsika mtengo ndi wogula ndithu.

Cholakwa chofala poika bledi n'chakuti timano tija sitinalowe tonse m'mabowo, kapena pakati pa bledi ndi mutu patsalira utuchi. Makina amayamba kulira mophokosera, bledi imagwedera, mabowo ake amakula, ndipo mukapitiriza timano ta pamutu timadyeka. Bledi ndi yotchipa poyerekeza ndi mutu. Mukamva phokoso lachilendo zimitsani, masulani, pukutani, mangani kachiwiri.

Nkhani ya mabowo a bledi ndi imene iyenera kuganiziridwa musanatulutse ndalama, chifukwa ndiyo idzalamulira thumba lanu zaka zonse zomwe makina adzakhale. TM3010C imagwiritsa ntchito mamangidwe otchedwa OIS, a timano 12 tozungulira bowo lapakati. Mabledi ambiri otchipa ogulitsidwa m'mapaketi amalowa pamenepa, kuphatikizapo aja otseguka kumbuyo. Mu 2016 Bosch ndi Fein anagwirizana n'kutulutsa mamangidwe atsopano, Starlock, omwe pakati pa bledi pamakhala potukuka mooneka ngati chitsekerero cha botolo la zakumwa. Mamangidwe amenewa amagwira bledi m'mbali monse, sagwedera, ndipo mphamvu ya mota imafika bwino ku mano. Ali m'magulu atatu: Starlock, StarlockPlus ndi StarlockMax, malingana ndi mphamvu ya makina. Mabledi a Starlock wamba amalowa pa makina a OIS ngati Makita ameneyu, koma mabledi osalala a OIS salowa pa makina a Starlock. Ndiye mwini wa TM3010C ali ndi mwayi wa mbali zonse ziwiri: bledi yotchipa pa ntchito yauve, bledi yodula pa ntchito yofuna ukhondo. Kwa mmisiri wa kumalo komwe mabledi sapezeka m'sitolo iliyonse, ndipo nthawi zina amachita kuitanitsa kwa anthu ochokera ku Johannesburg kapena ku Lusaka, mwayi umenewu ndi waukulu kuposa ubwino wonse wa Starlock.

Mabledi enieniwo amasiyana ndi chitsulo chomwe apangira, ndipo zilembo zimalembedwa pa bledi pomwepo. Yolembedwa HCS ndi ya matabwa, pulasitiki ndi mabolodi a siling'i basi. Imadula mwachangu komanso mosalala, koma ikakhudza msomali umodzi mano amafa nthawi yomweyo. Pakati pa mabledi a matabwa pali a mano aatali otchedwa a Japan, omwe amadula paini mwachangu kwambiri ndi kusiya podulapo paukhondo, koma manowo ndi osachedwa kuthyoka. Yolembedwa BIM ili ndi mano a chitsulo cholimbirapo, ndipo imadula thabwa lomwe lili ndi misomali wamba, mapaipi a kopa, aluminiyamu ndi malata opyapyala. Ndiyo bledi ya tsiku ndi tsiku kwa wokonza nyumba, chifukwa m'felemu lakale simudziwa pomwe msomali wabisala. Koma nayonso ili ndi malire: msomali wa konkire, sikuluwu yakuda yomangira mabolodi ndi bawuti yolimba zimaimaliza m'masekondi ochepa, chifukwa zitsulo zimenezi zinaumitsidwa ndi moto. Zimenezo zimafuna bledi ya mano a chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa carbide, yomwe ndi yodula mtengo koma imakhalitsa kwambiri pa chitsulo. Ndiye pali mabledi opanda mano, omwe m'mphepete mwake anamatamo timiyala ta carbide kapena ta dayamondi. Amenewa ndi a simenti ya m'mipata ya matailosi, pulasitala ndi guluu wa matailosi.

Pa maonekedwe, bledi yowongoka ya mamilimita 32 m'lifupi ndiyo imagwira ntchito zambiri, ndipo imalowa mamilimita 40 kapena 50. Ya mamilimita 65 imasunga mzere wowongoka bwino pa mdulidwe wautali. Yopapatiza ya mamilimita 10 ndi ya timabowo ta maloko ndi mahinji. Yooneka ngati theka la mwezi, ya mamilimita 85, ndi yodulira motsatira mzere wautali mpaka kukafika pa khoma popanda kupyola. Mabledi omwe amabwera m'bokosi limodzi ndi makina amasiyana malingana ndi zilembo zomwe zili kumapeto kwa dzina la makinawo, choncho tsegulani bokosi muone musanalipire. Chilichonse chomwe chilimo, onjezani mabledi awiri a BIM tsiku lomwelo.

Kadulidwe koyenera ndi aka. Pa thabwa ikani liwiro pa 4 kapena 5. Yatsani makina bledi isanakhudze thabwa. Yambani ndi kona imodzi ya bledi, mupange kangalande kosaya motsatira mzere wonse, kenako mulowe pang'onopang'ono. Bledi ikamalowa muziipendeketsa uku ndi uku, komanso muziikweza pang'ono masekondi angapo alionse kuti utuchi utuluke. Osakanikiza. Kulemera kwa makina ndi kukankha pang'ono kwa dzanja n'kokwanira. Mukakanikiza, mano amamira m'thabwa n'kugwidwa, ndiye m'malo moti bledi injenjemere, thupi la makina ndi dzanja lanu ndi zomwe zimanjenjemera, kudula n'kuima. Utsi ukayamba kutuluka, kapena podulapo pakada, imani. Pa paini zimenezi sizichitika kawirikawiri, koma pa mlombwa, mbawa ndi bulugama wouma bledi yobuntha imayamba kuotcha isanalowe ngakhale sentimita imodzi. Bledi ikasintha mtundu n'kukhala yabuluu kumano, yapsa, ndipo kulimba kwake kwatha. Pa chitsulo tsitsani liwiro pa 2 kapena 3, ndipo muziyendetsa bledi kuti mano onse agwire ntchito. Anthu ambiri amataya bledi yomwe mano anayi apakati okha ndi amene atha, ena onse ali atsopano, chifukwa anaigwira malo amodzi pa msomali.

Ntchito imene makinawa amaposa chida china chilichonse ndi kudula kunsi kwa felemu la chitseko lathabwa kuti tailosi ilowe pansi pake, m'malo modula tailosi mokhotakhota kuzungulira felemu. Tengani chidutswa cha tailosi yomweyo, ikani pansi pake katoni yokhuthala mofanana ndi guluu amene muikepo, chigonekeni pafupi ndi felemu, kenako gonekani bledi pamwamba pake n'kudula. Bledi yowongoka ija ili ndi khosi lopindika mwakuti imagona pansi thupi la makina lili m'mwamba, ndiye mdulidwe umatuluka pa msinkhu weniweni. Chidutswa chodulidwacho chotsani ndi tchizulo. Dziwani kuti izi zikukhudza mafelemu athabwa. Nyumba zambiri kwathu kuno zili ndi mafelemu achitsulo omwe m'kati mwake anathiramo matope a simenti pomanga. Bledi ya BIM ingathe kudula chitsulocho, koma ikafika pa simenti yatha. Pamenepo dulani tailosi, felemu lisiyeni.

Chiswe chikadya kunsi kwa felemu kapena kumapeto kwa thabwa la m'mphepete mwa denga, sipafunika kuzula chonse. Gogodani mpaka mupeze pomwe thabwa lili lamoyo, lembani mzere masentimita 5 kupyola pamenepo, ndipo dulani mopendekera madigiri 45 kuti chidutswa chatsopano chikhale ndi pogwira pambiri komanso madzi asamaime polumikizapo. Pofuna kuti bledi isapatuke, khomerani kathabwa kodulidwa kale pa ngodya yomweyo kuti bledi izitsamira. Thirani mankhwala a chiswe pathabwa lotsalalo ndi pakhoma musanalumikize. Pochotsa thabwa lokhomedwa lomwe mukufuna kuligwiritsanso ntchito, lowetsani bledi ya BIM kuseri kwake n'kudula misomali m'malo mokanula ndi chitsulo, thabwa lituluka losang'ambika.

Wamagetsi adzaikonda poboola malo a bokosi la soketi kapena switchi pa bolodi, pa siling'i kapena kumbuyo kwa kabati. Jambulani bokosi lenilenilo pa bolodi, yezani kukhuthala kwa bolodilo, onjezani mamilimita 2, ndipo matani tepi pa bledi pa muyezo umenewo kuti isalowe kwambiri n'kukadula waya kapena paipi yomwe ili kuseri. Makona amatuluka owongoka popanda kupyola. Pa khoma la njerwa makinawa alibe ntchito, imeneyo ndi ya galayinda ndi tchizulo. Kwa pulambala, paipi ya PVC yomwe yatulukira pakhoma kapena pansi imadulidwa mofanana ndi khomalo. Ya mamilimita 40 kapena 50 imadulidwa mosavuta, koma ya 110 muziizungulira chifukwa bledi sifika mbali inayo. Pa PVC liwiro likhale lapakati, likakwera pulasitiki imasungunuka n'kumata mano. Paipi ya kopa ya mamilimita 15 kapena 22 imaduka bwino ndi BIM, koma igwireni zolimba, apo ayi kunjenjemera kumamasula zolumikizira zina zomwe zili patsogolo. Paipi yachitsulo yokhuthala imatenga nthawi yaitali ndipo imafuna bledi ya carbide.

Kuchotsa tailosi imodzi yosweka popanda kuswa zoyandikana nazo ndi ntchito ina yomwe yokha imabweza ndalama ya makina. Yezani kaye mpata wa pakati pa matailosi. Mabledi ambiri a timiyala ndi okhuthala mamilimita 2 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye pa mpata wa mamilimita 3 amalowa bwino, koma pa mpata wa 2 amabenthula m'mphepete mwa matailosi, ndipo pamafunika bledi yopyapyala yopangidwira mipata yaing'ono. Ikani liwiro pa 3 kapena 4, gwirani bledi chilili, ndipo chotsani simenti ya mumpata mbali zonse zinayi mpaka pansi pa tailosi. Mukasiya ngakhale kachigawo kakang'ono, mphamvu ya hamala idzadutsira pamenepo n'kung'amba tailosi ya pambali. Mukamaliza, swani tailosiyo kuyambira pakati, n'kumazula zidutswa kupita m'mbali. Guluu wakale wotsalira pansi mumupale ndi chopalira cha timiyala ta carbide, chija cha makona atatu, mpaka malo atsike mokwanira kulandira guluu watsopano. Kudula tailosi yeniyeniyo, makamaka ya porcelain, si ntchito ya makinawa. Angathe kubenthula kakona pa tailosi yofewa ya pakhoma, basi.

Pa mawindo achitsulo omwe magalasi anamatidwa ndi putty, chopalira cholimba kapena bledi yakale yomwe mano anatha imachotsa putty wouma mwachangu kuposa hamala ndi tchizulo, ndipo felemu silipindika. Liwiro likhale pa 1 kapena 2, bledi iziyenda motsatira chitsulo. Ngati galasi ndi lamoyo ndipo mukufuna kulisunga, bledi isalikhudze m'mphepete, chifukwa kunjenjemera kumaling'amba. Chopalira chofewa chimachotsa silicone ya m'bafa, guluu wa kapeti ndi penti yofundukafunduka.

Pa kusalaza, timayamikira mosamala. Chomatira sandipepa ndi cha makona atatu, mamilimita 93, ndipo chimafika m'makona a madirowa, m'mipata ya mipando ndi m'mphepete mwa mafelemu momwe makina ena osalazira safika. Kumeneko ndi kwabwino. Pamalo aakulu ngati pamwamba pa tebulo kapena chitseko chonse, chimachedwa ndipo chimasiya timaenje chifukwa dzanja limapendekera kunsonga. Sandipepa imamatirira ndi timinga tapulasitiki, ndipo timinga timeneti timasungunuka ndi kutentha. Mukathamangitsa makina pa 5 n'kukanikiza kunsonga, pakapita mphindi zochepa sandipepa imayamba kugwa, ndipo chomatira chonse chimafunika chatsopano. Ikani liwiro pa 2 kapena 3, gonekani chomatira chonse pathabwa, ndipo muziyenda osaima malo amodzi. Nsonga ikatha, matulani sandipepa n'kuitembenuza kuti kona ina ikhale kutsogolo, pepala limodzi ligwira katatu. Yambani ndi nambala 80, kenako 120, kenako 180, osadumpha, chifukwa mizere ya 80 sichoka ndi 180. Makina amasiya timizere topinda tomwe sitioneka thabwa lili louma koma timaonekera vanishi ikapakidwa, ndiye malizani ndi dzanja motsatira mitsempha ya thabwa. Penti yakale yamafuta ipaleni kaye, apo ayi imafewa n'kutseka sandipepa nthawi yomweyo.

Opanga makina amalemba pa mabokosi kuti amaperanso zitsulo ndi simenti. Kunena zoona ndi kupala chabe. Galayinda ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi ndipo m'mphepete mwa disiki yake mumayenda mamita ambiri pa sekondi, pomwe chopalira cha makina awa chimangoyenda timamilimita tochepa. Chimachotsa guluu, dzimbiri lapamwamba ndi timabundu ta simenti pamalo ochepa. Kusalaza pomwe awotcherera chitsulo kapena kunola khasu, iwalani.

Pa nkhani ya magetsi, mawati 320 pa mavoti 230 ndi maampu pafupifupi 1.4, ndiye jenereta yaing'ono imawayendetsa popanda kudandaula, ndipo waya wautali wowonjezera wa 1.5 mm² ndi wokwanira. Pa inverter ya sola, yabwino ndi ya pure sine wave, yomwe imatulutsa magetsi ofanana ndi a pa soketi. Ma inverter otchipa omwe si a mtundu umenewu amasokoneza kabolodi kolamulira liwiro, makina n'kumalira mwachilendo ndi kutentha. Ogula kunja asamale ndi mavoti. Makina ochokera ku South Africa amagwira bwino ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, pulagi yokha ndiyo imafunika kusintha kuchoka pa ya mano ozungulira kupita pa ya mano a makona anayi. Ochokera ku America ndi a mavoti 120 ndipo amapsa mukangowalowetsa pa soketi yathu. Ku Britain kuli mitundu iwiri ya makina omwewa: wa mavoti 240 wa m'nyumba, ndi wa mavoti 110 wa pamalo omanga, womwe umakhala ndi pulagi yachikasu yozungulira. M'bale akamakutumizirani kuchokera kumeneko, muuzeni awerenge kachikwangwani ka pathupi pa makina, chifukwa wa 110 sugwira kuno popanda transformer, ndipo kungodula pulagi yachikasu n'kuika ina ndi kuotcha mota.

Kumene magetsi amathimathima, funso la batire silingapewedwe. Makita ali ndi DTM51, yomwe liwiro, ngodya ndi mamangidwe a bledi n'zofanana ndi TM3010C koma imayendera batire ya mavoti 18 ya gulu la mabatire a Makita lotchedwa LXT. Batire ya 5.0 Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 90 kwa ola limodzi, ndiye pa ntchito yolemetsa yosalekeza ngati kuchotsa simenti ya m'matailosi, yembekezani mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono. Pa timidulidwe tatifupi ta apo ndi apo batire imodzi imakwana tsiku. Amene ali kale ndi mabatire a Makita agule thupi lokha la DTM51. Amene alibe awerengere mtengo wa batire ndi tchaja, womwe nthawi zambiri umaposa wa makinawo. DTM52 inatuluka pambuyo pa DTM51, ili ndi mota yopanda mabulashi (timakala tomwe timapereka magetsi ku mota), imadula mwachangu pa ngodya ya madigiri 3.6, koma ndi ya Starlock, ndiye mabledi otchipa aja salowapo.

Wopikisana ndi TM3010C wapafupi pa makina a waya ndi Bosch GOP 30-28. Manambala a dzina lake akunena zonse: mawati 300, madigiri 2.8. Liwiro lake limayambira pa 8,000 kufika 20,000, ndipo imalandira mabledi a Starlock ndi StarlockPlus. Ndi makina abwino, ngodya yake yocheperapo imapatsa dzanja ulamuliro pa ntchito yosamalitsa, koma imadula mochedwerapo pang'ono, ndipo imakumangirirani ku mabledi a mtundu umodzi. GOP 40-30 ndi GOP 55-36 ndi zazikulu zake, za mawati 400 ndi 550. Makita imaposa pa liwiro lotsika la 6,000, lomwe ndi lofunika pa putty, pulasitiki ndi sandipepa, komanso pa ufulu wosankha mabledi.

Zofooka zenizeni za TM3010C ndi phokoso, kunjenjemera ndi fumbi. Kulira kwake ndi kwakuthwa, makamaka pa chitsulo kapena pa bolodi lomwe lili ndi mphako kuseri, ndipo zotsekera m'makutu n'zofunika ngakhale pa ntchito ya mphindi zisanu. Kunjenjemera kumafika m'zala. Zikayamba kuchita dzanzi pumulani, ndipo musafinye makina mwamphamvu chifukwa kufinya kumawonjezera vutolo. Mutu wachitsulo umatentha pa ntchito yaitali, bledi imatentha koposa, choncho posintha valani magolovesi. Fumbi la simenti ya m'matailosi lili ndi silica yomwe imawononga mapapo, ndiye valani chotchinga mphuno cha FFP2 kapena FFP3, osati kansalu, pamodzi ndi magalasi oteteza maso. Chida cholumikizira makina opopa fumbi chimagulidwa padera m'mabokosi ambiri. Malata ndi mabolodi akale a asbestos, omwe akadalipo m'nyumba zambiri zakale za boma ndi za makampani m'mayiko athu, musawadule kapena kuwasalaza ndi makinawa mpang'ono pomwe. Pali chikhulupiriro chakuti bledi yonjenjemera sidula munthu, popeza macheka a kuchipatala aja sadula khungu. Khungu lofewa limagwedezeka limodzi ndi bledi, n'zoona, koma pa chala pomwe khungu lakungika pa fupa, mano a bledi ya matabwa amacheka ndithu.

Makina akamwa fumbi la simenti tsiku lonse, auzireni mphepo m'mabowo opumira musanawasunge, chifukwa fumbilo limadya mabulashi a mota ndi kutseka mpweya woziziritsa. Mukaona moto wambiri ukuthetheka m'kati, kapena makina akuyaka n'kumazima okha, mabulashi atha kapena waya wathyokera m'kati pomwe ukulowera m'thupi. Apititseni kwa wokonza msanga, chifukwa mabulashi otheratu amakanda mota, ndipo kukonza kwake kumayandikira mtengo wa makina atsopano.

Zida za mayina otchuka zimakhala ndi zachinyengo zake pamsika, ndiye pogula onani kachikwangwani ka pathupi ngati kali ndi nambala ya makina, mavoti ndi mawati 320 zolembedwa mooneka bwino, ndipo funsani risiti ndi chitsimikizo. Pemphani kuti awayatse pomwepo. Makina enieni amayamba mofatsa n'kumakwera, ndipo kagudumu ka liwiro kamasintha mawu pa nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 5. Kenako zulani pulagi, mangani bledi, muigwire kunsonga n'kuigwedeza ndi dzanja uku ndi uku komanso m'mwamba ndi pansi. Pa makina amoyo bledi sisuntha. Ikamagwedera, zam'kati mwa mutu zadyeka, ndipo pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito ameneyo ndiye muyeso woyamba musanayambe kukambirana za mtengo.